Paclitaxel pa khansa ya Kaposi: kabotolo n'kabwino, koma musakalandire kopanda zipangizo zake

Kabotolo ka paclitaxel mukakapendeketsa, madzi ake satsika msanga ngati a jakisoni wamba. Amanata ngati mafuta ophikira, ndipo amaoneka oyera kapena achikasu pang'ono. Pachikalata pamalembedwa 6 mg/mL. Timabotolo topezeka kwambiri ndi ta 30 mg mu 5 mL, ta 100 mg mu 16.7 mL, ndi ta 300 mg mu 50 mL. Kunata kumeneku musakuiwale, chifukwa mavuto ambiri a mankhwalawa amachokera pomwepo.

Tikulembera anzathu a kufamasi, anamwino ndi madokotala, komanso achibale amene amaperekeza odwala. Amene amagwira ntchito m'chipinda cha TARV (chithandizo cha ma ARV kwa anthu a HIV) ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete amaidziwa Kaposi: zigamba zakuda pamiyendo, phazi lotupa lolimba ngati thabwa moti nsapato silowa, chotupa chofiirira m'kamwa chakumwamba, nthawi zina chifuwa chosamva mankhwala a TB. Kumudzi ambiri amati munthuyo anaponda mankhwala, ndipo miyezi imatha akutemera mphini. Chimene chimayambitsa ndi kachilombo ka HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994, ndipo kamapeza mpata chitetezo cha m'thupi chikagwa. Ngati zigamba zili zochepa ndipo zili pakhungu pokha, kawirikawiri TARV payokha imazibweza. Koma mwendo ukatupa, zilonda zikatseguka, m'kamwa mukadzaza kapena nthenda ikalowa m'mapapo ndi m'matumbo, pamafunika mankhwala a khansa pamwamba pa TARV. Musanayambe, kachidutswa ka chotupacho kapite kukapimidwa, chifukwa pali matenda ena apakhungu ofanana ndi Kaposi amene amachira ndi maantibayotiki.

Kwa odwala oterewa, paclitaxel ndi wabwino kuposa bleomycin ndi vincristine, mankhwala awiri amene zipatala zambiri za kuno kumwera kwa Africa zakhala zikudalira kwa zaka zambiri. Umboni wake sunachokere kutali ayi. Kafukufuku wa A5263, amene anasindikizidwa mu The Lancet mu 2020, anatenga odwala 334 m'malo 11 a ku Malawi, Zimbabwe, South Africa, Kenya, Uganda ndi Brazil. Onse anali pa ma ARV. Patatha masabata 48, odwala 64 pa 100 alionse amene analandira paclitaxel anali moyo nthenda isanakule, pomwe a bleomycin ndi vincristine anali 44 pa 100. Poyerekeza ndi etoposide wakumwa, kusiyana kunali 50 kwa 20. Magulu awiri otsalirawo anatsekedwa nthawi isanakwane, la etoposide mu 2016 ndi linalo mu 2018, chifukwa sikunali chilungamo kupitiriza kupatsa anthu mankhwala ooneka kale kuti ndi ofooka. Mlingo umene anagwiritsa ntchito unali 100 mg pa sikweya mita iliyonse ya thupi, kamodzi pa masabata 3. Odwala a ku Malawi amene anali m'kafukufukuyu ndi anthu ofanana ndi athu a ku Angónia ndi Tsangano, odya nsima yomweyo, odwala malungo omwewo, ndipo n'chifukwa chake manambala amenewa timawakhulupirira.

Kuti mumvetse chimene mankhwalawa amachita, ganizirani chingwe cha ndowa pachitsime. Kuti madzi atuluke, chingwe chiyenera kutsika ndi kukwera. Selo likafuna kugawikana, limayamba lakopera ma chromosome ake onse 46, amene amasunga malangizo a chibadwa, kenako limawandanda pakati, ndipo tizingwe tochokera kumbali ziwiri timawagwira n'kuwakokera uku ndi uko kuti selo lililonse latsopano lilandire 46 ake. Tizingweti ndi timachubu tating'ono kwambiri totchedwa ma microtubule, tomangidwa ndi puloteni ya tubulin, ndipo ntchito yake yagona pa kutalika ndi kufupika kosalekeza. Selo lili ndi mlonda wake: ngati chromosome imodzi yokha sinagwidwe bwino, kugawikana kumaimitsidwa mpaka igwidwe. Vincristine amaletsa tizingweti kulukika. Paclitaxel amachita zosiyana, amatiumitsa kuti tisamasuke. Chingwe chosalukika ndi chingwe chouma gwa zonse ziwiri sizitunga madzi, choncho selo limakanirira pakati pa kugawikana n'kufa. Anatulukira kagwiridwe ntchito kameneka ndi Susan Horwitz mu 1979 ku New York, patapita zaka kuchokera pamene khungwa la mtengo wa Taxus brevifolia linatoledwa m'nkhalango za ku America mu 1962 ndipo Monroe Wall ndi Mansukh Wani analongosola mankhwala ake mu 1971. Mu 2014 gulu la Beth Weaver ku Wisconsin linayeza mankhwalawa m'zotupa za m'mawere za odwala enieni, n'kupeza kuti amene amafika m'chotupa ndi ochepa moti saimitsiratu kugawikana. M'malo mwake selo limakokera ma chromosome kumbali zitatu kapena zinayi, ana ake n'kulandira zopereweza kapena zopitirira, n'kufa pambuyo pake. Nkhani imeneyi ikufufuzidwabe, koma kwa ife apachipatala phunziro lake ndi lomveka: mankhwalawa amagwira maselo amene akugawikana panthawiyo, n'chifukwa chake amaperekedwa mobwerezabwereza, ndipo kudumphitsa ulendo kumapatsa chotupa mpata wophukanso.

Tsopano za kunata kuja. Paclitaxel sasungunuka m'madzi. Opanga amamusungunula m'zinthu ziwiri: mafuta a nsatsi okonzedwa mwapadera, otchedwa Cremophor EL, okwana 527 mg mu mL iliyonse, ndi mowa wosasakaniza, pafupifupi theka la kabotolo. Mafuta amenewa amasungunula mankhwala otchedwa DEHP amene amafewetsa pulasitiki wa PVC, ndipo mapaipi wamba a diripi ambiri ndi a PVC. Mukadutsitsa paclitaxel m'paipi yotere kwa maola 3, DEHP uja amalowa m'magazi a wodwala. Choncho soro, madzi a diripi, ikhale ya m'botolo lagalasi kapena ya m'pulasitiki wa polypropylene kapena polyethylene, ndipo paipi ikhale yolembedwa kuti ilibe PVC kapena DEHP. Pakati pa paipi pafunikanso sefa ya timabowo tosapitirira 0.22 micron, chifukwa mankhwalawa akasakanizidwa ndi madzi nthawi zina amapanga timibulu tosaoneka ndi maso.

Apa ndi pamene tikuimba mlandu mankhwalawa monga katundu wogulidwa. Kabotolo kamabwera kokha m'bokosi lake. Paipi ndi sefa zimaitanitsidwa padera, nthawi zambiri kwa wogulitsa wina, ndipo zimatha pa nthawi yosiyana. Wolemba oda ayenera kuwerenga kuti ulendo uliwonse wa wodwala mmodzi umadya paipi imodzi ya sefa, ndipo odwala 10 a maulendo 6 amafuna mapaipi 60, kuwonjezapo ena oposerapo chifukwa sefa imatsekeka. Kulandira timabotolo popanda mapaipi ake kuli ngati kugula ngolo yopanda goli.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Bambo wamtali 165 cm, wolemera 55 kg. Chulukitsani 165 ndi 55, gawani ndi 3600, mupeze sikweya ruti: thupi lake ndi 1.59 sikweya mita. Pa 100 mg pa sikweya mita iliyonse, mlingo wake ndi 159 mg. Gawani ndi 6, mupeza 26.5 mL. Kabotolo kamodzi ka 100 mg ndi tiwiri ta 30 mg tikukwanira ndendende, kotsala n'kadontho. Ngati m'kabati muli ta 100 mg tokha, mutsegula tiwiri ndipo 41 mg itsala. N'chifukwa chake timalimbikitsa kuika odwala a paclitaxel tsiku limodzi, kuti zotsala za wina zikwaniritse mlingo wa mnzake. Makampani ambiri amalola kabotolo kobooledwa kusungidwa mpaka masiku 28 pa 25 digiri, koma werengani kapepala ka m'bokosi lanulo, ndipo lembani tsiku lobooledwa pakabotolopo. Muyezeni wodwala pasikelo ulendo uliwonse. Wa Kaposi thupi limasintha msanga: mwendo ukaphwa amapepuka, TARV ikagwira amanenepa.

Posakaniza, mphamvu yake iyenera kugwa pakati pa 0.3 ndi 1.2 mg/mL, mu soro ya mchere ya 0.9% kapena ya shuga ya 5%. Ambiri amathamangira botolo la 500 mL chifukwa ndi limene lili pafupi. Kwa bambo uja, 159 mg mu 526.5 mL ikupereka 0.30, pamalire penipeni. Mayi wowonda wa mlingo wa 140 mg agwa pa 0.27, kunsi kwa malire. Tengani 250 mL, kwa bambo uja mupeza 0.58, pakati pabwino. Pokoka mankhwala gwiritsani singano yaikulu, kokani pang'onopang'ono chifukwa amachita thovu, ndipo mukathira mu soro tembenuzani botolo modekha kangapo, osakhutchumula. Kachifunga pang'ono ndi kachibadwa kake. Mukaona timibulu toyera tikuyandama, tayani. Zosakanizazo zimakhala bwino mpaka maola 27 pa 25 digiri, koma pa kutentha kwa kuno ndi bwino kusakaniza wodwala atakhala kale pampando, zotsatira za magazi zili m'manja.

Kutenthaku tikunenetse. Timabotolo tosatsegula timafuna 20 mpaka 25 digiri, tili m'bokosi lake, kutali ndi kuwala. Ku Angónia mwezi wa June zimenezi n'zosavuta. Mumzinda wa Tete ndi m'chigwa chonse cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira 40 digiri, ndipo chipinda cha malata chopanda makina oziziritsira chimatentha kuposa panja. Firiji siwononga paclitaxel. Akazizira amatha kuchita timibulu, koma timasungunuka akabwerera pa kutentha kwa m'chipinda. Ngati sanayere, musamugwiritse ntchito. Choncho pakati pa shelefu yotentha ndi firiji, sankhani firiji, mumutulutse msanga tsiku la ntchito.

Mafuta a nsatsi aja ndi amenenso amachititsa thupi kukana mankhwala mwadzidzidzi. Ngakhale atalandira zoteteza, odwala 2 mpaka 4 pa 100 alionse amadwala kwambiri: nkhope kufiira, kubanika, kupweteka pachifuwa kapena msana, BP kugwa. Izi zimabwera kawirikawiri m'mphindi 10 zoyambirira za ulendo woyamba kapena wachiwiri. Zoteteza ndi zitatu. Choyamba ndi dexamethasone, 10 mg kwa odwala Kaposi okhala ndi HIV, theka la 20 mg imene ena amalandira, chifukwa ma steroid ochuluka amakulitsa Kaposi. Chachiwiri ndi diphenhydramine 50 mg kapena chlorphenamine 10 mg mumtsempha. Chachitatu ndi cimetidine 300 mg, poti ranitidine, amene ankagwira ntchito yomweyo, anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2020. Ziwiri zomalizazi zimaperekedwa mphindi 30 mpaka 60 diripi isanayambe. Kapepala ka kampani kamati dexamethasone amwedwe maola 12 ndi maola 6 isanafike nthawi. Ngati diripi ndi ya 9 koloko m'mawa, ndiye kuti 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, nthawi imene munthu wa ku Tsangano akudikira chapa (minibasi) pamsewu. Ambiri amaiwala ndipo amachita manyazi kunena. Zipatala zambiri zimabaya dexamethasone mumtsempha mphindi 30 diripi isanayambe, ndipo kwa anthu oyenda mitunda njira imeneyi ndi yodalirika chifukwa namwino amaona ndi maso ake kuti walowa.

Namwino asachoke pambali pa wodwala m'mphindi 15 zoyambirira. Adrenaline akhale pathebulo, osati m'kabati yokiya imene kiyi wake ali ndi munthu wina. Mlingo wa wamkulu ndi 0.5 mg, kutanthauza 0.5 mL ya 1:1000, pamnofu wa ntchafu. Wodwala akabanika, tsekani diripi kaye, zina pambuyo.

Kanyula ikhale yatsopano, pamtsempha wooneka bwino wa pamkono, osati popindika chigongono kapena padzanja, ndipo musabaye chiwalo chotupa. Yesani ndi soro yokha kaye. Kapepala ka kampani kamati diripi iyende maola 3. Pamene palibe pampu, anthu amawerenga madontho: 276 mL pa paipi ya madontho 20 pa mL imapereka madontho 31 pa mphindi. Koma mafuta aja amachepetsa kukula kwa dontho, kotero mukangodalira kuwerenga diripi imachedwa, maola 3 atha botolo likadali ndi madzi, ndipo wina amatsegula kwambiri kuti amalize. Matani pulasitala m'mbali mwa botolo, mulembe mizere itatu ya ola lililonse, muziyang'ana madzi pamzere. Wodwala akati pakuwotcha pobayapo kapena pakatupa, imitsani, kokani zotsala ndi sirinji kanyula isanachotsedwe, kwezani mkono, itanani dokotala.

Mowa uja nawonso musaupeputse. Mu 26.5 mL muli mowa wosasakaniza wokwana pafupifupi 13 mL, wofanana ndi botolo limodzi laling'ono la mowa, ndipo ukulowa mumtsempha pamodzi ndi diphenhydramine kapena chlorphenamine uja, amene amagonetsa. Bambo amene wabwera panjinga yamoto asadziyendetse pobwerera.

Ngozi yaikulu imabwera munthu ali kale kunyumba. Maselo a m'mafuta a m'mafupa amagawikana mofulumira, choncho nawonso amagwidwa. Asilikali a m'magazi otchedwa ma neutrophil amatsika kwambiri cha m'ma tsiku la 11. Hemograma, kuyeza kuchuluka kwa maselo a m'magazi, ikhalepo ulendo uliwonse: kwa wa Kaposi ma neutrophil asachepere 1000, ndipo dokotala ayang'anenso ma platelet ndi hemoglobin. Ngati anagwa kunsi kwa 500 kwa sabata kapena kupitirira, mlingo wotsatira umachepetsedwa ndi 20%. Chimene chimatipweteka mtima n'chakuti kuno kutentha thupi kulikonse timati malungo. Munthu amagula paracetamol pabanka, n'kugona masiku awiri, pomwe magazi ake alibe asilikali. Achibale amve izi momveka: thupi likafika 38 digiri kapena akayamba kunjenjemera pambuyo pa diripi, apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ngakhale usiku, atanyamula khadi lolembedwa dzina la mankhwala ndi tsiku limene analandira. Kumeneko ayezedwe malungo ndi hemograma zonse ziwiri, ndipo ngati asilikali atsika, maantibayotiki a mumtsempha ayambe osadikira kuti kuche. Malo amene sangathe kuyeza hemograma pa tsiku la diripi asayambe kupereka paclitaxel.

Mankhwalawa amabweretsanso dzanzi, ndipo limachokera ku tizingwe tomwe tija. M'minyewa yotumiza mauthenga, ma microtubule sagawa selo, amakhala njanji yonyamulira katundu kuchokera kumsana mpaka kuchala cha phazi. Monga njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita kunyanja, ikakhala yaitali, malo owonongeka amachulukanso. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala za kumapazi, kenako za kumanja. Musamufunse wodwala kuti "muli bwanji" basi. Mufunseni ngati patapata amavuka osamva, ngati akutha kumanga mabatani, ngati akumva nthaka akamalima. Amene akumwanso isoniazid wa TB ali pa chiopsezo chachikulu, ndipo pyridoxine wake, vitamini B6 woteteza minyewa, asasowe. Dzanzi likafika polepheretsa ntchito, mlingo utsike ndi 20% kapena dokotala aganizenso, chifukwa kwa ena silitha. Tsitsi limathothoka pafupifupi kwa onse pakapita masabata awiri kapena atatu, ndipo limameranso mankhwala akatha. Auzeni amayi pasadakhale akonze duku. Kuphwanya kwa m'mafupa ndi m'minofu kumabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu n'kutha pakapita masiku ochepa. Kusanza n'kochepa poyerekeza ndi mankhwala ena a khansa, ndipo pamenepa paclitaxel tikumuyamikira.

Paclitaxel amachotsedwa m'thupi ndi chiwindi. Wa maso achikasu ayezedwe bilirubin kaye. Pa ma ARV, TLD (tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir) imene anthu ambiri ku Mozambique akumwa tsopano imayenda bwino ndi paclitaxel. Chenjerani ndi amene ali pa mzere wachiwiri wokhala ndi ritonavir, chifukwa amachedwetsa chiwindi ndipo paclitaxel amaunjikana m'magazi. Zidovudine amatsitsa magazi payekha, ndiye ziwirizi zikakumana magazi amagwa kwambiri. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafulumizitsa chiwindi n'kufooketsa mankhwala. Mayi woyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, asalandire, ndipo amuna ndi akazi omwe akhale pa njira yolera. Kunyumba, kwa masiku awiri pambuyo pa diripi, zovala zodetsedwa ndi mkodzo kapena masanzi zichapidwe pazokha, wochapa atavala magolovesi kapena atakulunga manja m'majumbo.

Kodi bleomycin ndi vincristine tiwataye? Ayi. Pamene paclitaxel, mapaipi ake kapena hemograma palibe, awiriwa akadali abwino kuposa kumubweza munthu chimanjamanja, ndipo satsitsa magazi kwambiri. Koma vincristine ali ndi malamulo ake okhwima. Amasungidwa mufiriji pa 2 mpaka 8 digiri. Mlingo wa wamkulu supitirira 2 mg. Amawononga minyewa ndipo amamanga m'mimba. Akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu, ndipo pamenepo pamaikidwa nsalu yofunda, osati madzi oundana. Akabayidwa pamsana molakwitsa amapha pafupifupi aliyense, n'chifukwa chake bungwe la WHO mu 2007 linalangiza kuti azisakanizidwa m'kathumba kakang'ono ka soro, osati kusiyidwa mu sirinji imene wina angaisokoneze ndi mankhwala a pamsana.

Vincristine amachokera ku Catharanthus roseus, maluwa a pinki ndi oyera a masamba onyezimira ochokera ku Madagascar, omwewa amamera okha m'mabwalo a nyumba ndi m'mbali mwa mipanda ya masukulu kuno ku Tete. Anthu akamva zimenezi ena amathyola masamba n'kuwiritsa. Chonde aletseni. Mankhwala a khansa m'masambamo ndi ochepa kwambiri moti pamafunika milu ya masamba ouma kuti papezeke galamu imodzi, salowa bwino m'magazi akamwedwa, ndipo m'madzi owiritsawo muli mankhwala ena ambirimbiri amene palibe wayeza mlingo wake. Mukamulembera wodwala tsiku lobweranso, mufunseni mwaulemu zimene akumwa kunyumba, mulembe pakhadi, ndipo muwerengere naye ndalama ya chapa ya maulendo onse 6 diripi yoyamba isanalowe.